Nthawi Ikadzaza Malo Ake: Kuchokera pa Unix Kufika pa Mamita a Magetsi a ku George

Kompyuta siidziwa Lolemba kapena Lachisanu, ndipo siidziwa mwezi. Chimene imasunga ndi nambala imodzi yomwe imangokwera, yowerenga masekondi kapena mphindi zimene zadutsa kuchokera pa tsiku limene opanga anasankha kuti likhale poyambira. Deti limene munthu amaona pa foni, pa uthenga wa Airtel Money kapena pa lisiti la magetsi limatuluka pambuyo pake, makinawo akaigawa nambalayo m'zaka, miyezi, masiku ndi maola. Koma nambalayi imasungidwa m'malo okhala ndi malire. Malowo akadzaza, kuwerenga kumabwerera pansi, ndipo makina amayamba kuona lero ngati kalekale. Anthu a m'komboni ya George, kumadzulo kwa mzinda wa Lusaka, anakumana ndi nkhaniyi maso ndi maso mu 2024, pamene kampani ya magetsi ya ZESCO inauza makasitomala ake kuti alowetse manambala apadera m'mamita awo. Vuto la mtundu womwewo, koma lokhudza makina ochuluka kwambiri, likudikira mu 2038, ndipo ntchito yolipewa yadya zaka zoposa 10.

Malo osungira nambala amayezedwa m'mabiti. Biti ndi kamalo kamene kamasunga 0 kapena 1 basi. Mabiti 8 amatha kusunga manambala osiyana 256, ndipo biti iliyonse yowonjezera imachulukitsa chiwerengerocho kawiri. Mabiti 24 amafika pa 16,777,216, pamene mabiti 32 amafika pa 4,294,967,296. Manambalawa amaoneka aakulu, komatu chinthu chokwera sekondi iliyonse, usana ndi usiku, sichichedwa kuwatsiriza.

Chiyambi cha kuwerengaku

Kawerengedwe ka nthawi kamene makompyuta ambiri amatsata lero kanabadwira ku Bell Labs, m'dziko la America, kumene Ken Thompson ndi Dennis Ritchie anayamba kupanga Unix mu 1969. Unix ndi pulogalamu yaikulu yoyendetsa kompyuta yonse: ndiyo imagawira mapulogalamu ena mpata wogwira ntchito, imasunga mafayilo, ndipo pulogalamu ikafuna kudziwa nthawi imafunsa kwa iyo. M'buku loyamba la malangizo a Unix, la mu 1971, nthawi inkawerengedwa m'tizigawo 60 ta sekondi imodzi, kuyambira pa 1 January 1971, m'malo a mabiti 32. Pa liwiro limeneli malowo akanadzaza m'masiku 828, ndiye kuti zaka ziwiri ndi miyezi itatu. Opangawo ankadziwa, ndipo analemba m'bukumo momwemo kuti vuto likubwera. Posakhalitsa anasintha: anayamba kuwerenga masekondi athunthu, ndipo poyambira anapaika pakati pa usiku wa pa 1 January 1970, pa nthawi ya ku Greenwich. Ku Lusaka inali 2 koloko usiku, Kenneth Kaunda ali m'chaka chake chachisanu ndi chimodzi cha utsogoleri.

Makina amene Unix inakulira, a PDP-11, ankagwira mabiti 16 pa nthawi imodzi, choncho ngakhale kusunga nthawi m'mabiti 32 kunkafuna kulumikiza zidutswa ziwiri. Memori inali yodula. Palibe akanavomera kuwononga mabiti 64 chifukwa cha deti la zaka 68 m'tsogolo, ndipo palibe ankaganiza kuti Unix idzakhalapobe nthawi imeneyo. Pofika mu 1979, mu Unix yachisanu ndi chiwiri, nambalayi inali italandira dzina lakuti time_t m'chinenero cha C, dzina limene ili nalo mpaka lero.

Pa mabiti 32 aja, imodzi inapatulidwa kuti izisonyeza ngati nambala ili pamwamba kapena pansi pa ziro. Izi zimathandiza kulemba madeti a m'mbuyo: tsiku la ufulu wa Zambia, 24 October 1964, kwa Unix ndi nambala ya pansi pa ziro. Mtengo wake ndi wakuti kuwerenga kopita m'tsogolo kumathera pa 2,147,483,647. Sekondi imeneyo idzakwana Lachiwiri pa 19 January 2038, nthawi ili 03:14:07 ku Greenwich, kapena 05:14:07 m'mamawa ku Lusaka. Sekondi yotsatira idzatembenuza biti ija, ndipo makina osakonzedwa adzawerenga kuti ndi pa 13 December 1901. M'chaka chimenecho mzinda wa Lusaka kunalibe. Njanji inafika pamalopo mu 1905, ndipo likulu linasamukirapo kuchokera ku Livingstone mu 1935.

Mita ya mayuniti

Nkhani ya mamita inayambira kufupi, ku South Africa. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990, kampani ya Eskom inkafikitsa magetsi m'malokesheni ambiri, ndipo inkafuna njira yoti munthu azilipira asanagwiritse ntchito, komanso kuti tokeni yogulidwa pamalo alionse izigwira pa mita ya fakitale iliyonse. Panabadwa muyezo wotchedwa STS, umene pambuyo pake unavomerezedwa padziko lonse pansi pa dzina lakuti IEC 62055-41. Ndiwo umene ZESCO ku Zambia ndi ESCOM ku Malawi amagwiritsa ntchito.

Tokeni ya STS ili ndi manambala 20, amene munthu amadina pa mita imodziimodzi. Manambala 20 amanyamula mabiti 66, ndipo biti iliyonse inapatsidwa ntchito. Mabiti 16 amanena kuchuluka kwa mayuniti, ena 16 amathandiza mita kuzindikira ngati munthu walakwitsa podina, ochepa amanena mtundu wa tokeni, ndipo 24 amasunga nthawi imene tokeniyo inagulidwa. Gawo lomalizali limatchedwa TID. Limawerenga mphindi zimene zadutsa kuchokera pa 1 January 1993. Ntchito yake ndi yoletsa chinyengo: mita imakumbukira ma TID a matokeni amene inalandira posachedwa, ndipo imakana tokeni imene inalowapo kale kapena yooneka yakale kuposa zonse zimene ikukumbukira. N'chifukwa chake lisiti limodzi silingadyedwe kawiri.

Mphindi 16,777,216 zikaonjezedwa pa 1 January 1993 zimathera pa 24 November 2024. Tsikulo linali lodziwika kuyambira pamene muyezowo unalembedwa.

Komboni ya George inali ndi mbiri yakeyake magetsi asanafike m'nyumba zambiri. Inatenga dzina la mzungu amene anali mwini malo m'nthawi ya atsamunda, ndipo inakula mofulumira ufulu utabwera, anthu akumanga popanda chilolezo cha khonsolo. Lamulo la nyumba la mu 1974 linatsegula njira yoti makomboni otere avomerezedwe, ndipo ntchito yotukula makomboni imene World Bank inathandizira m'zaka zimenezo inafika ku George monga inafikira ku Chawama. Katswiri wa zomangamanga wa ku Sweden, Ann Schlyter, anatsatira kusintha kwa George kwa zaka zambiri kuyambira kumapeto kwa zaka za m'ma 1960, moti ndi imodzi mwa makomboni olembedwa bwino kwambiri mu Africa. Masiku ano mita ya mayuniti ndi chinthu cha tsiku ndi tsiku kumeneko, ndipo kawirikawiri mita imodzi imadyetsa mabanja angapo a lendi pa pulote limodzi, aliyense akusonkha yake kumapeto kwa mwezi.

Chaka cha 2000 ndi mapurosesa atsopano

Dziko lonse linamva koyamba za vuto la madeti pamene 1999 inkatha. Mapulogalamu akale a mabanki, a malipiro ndi a boma ankalemba chaka ndi manambala awiri okha, motero 00 ikanamveka ngati 1900. Ndalama zambiri zinalowa pa kukonza, ndipo tsikulo litadutsa popanda ngozi yaikulu, anthu ambiri anati chinali chiopsezo chabodza. Maganizo amenewa ndi olakwika, chifukwa bata la pa 1 January 2000 linali zotsatira za ntchito imene inagwiridwa. Komabe vuto la 2038 ndi lozama kuposa lija. La 2000 linali m'mene anthu ankalembera deti, pamene la 2038 lili m'kati mwa mgwirizano wa pakati pa mapulogalamu ndi makina.

Linus Torvalds atayamba Linux, pulogalamu yoyendetsa kompyuta yofanana ndi Unix, mu 1991, anailembera purosesa ya Intel 386, ya mabiti 32, ndipo anatengera kawerengedwe ka Unix monga kanalili. M'Linux, time_t inafotokozedwa kuti ndi nambala ya mtundu wotchedwa long, umene kukula kwake kumatsata purosesa. Mwayi unali pamenepa. Pa mapurosesa a mabiti 64, long ili ndi mabiti 64, choncho nthawi inakula yokha popanda wina kuvutika. Zinatero pa Alpha ya kampani ya DEC, imene Linux inafikako pakati pa zaka za m'ma 1990, zinateronso pa x86-64 imene AMD inatulutsa mu 2003, ndi pa ARM ya mabiti 64 imene Linux inayamba kuyendetsa mu 2012. Mabiti 64 amakwana kuwerenga masekondi kwa zaka pafupifupi 292 biliyoni.

Anthu ena ankayembekeza kuti vutolo lidzafa lokha makina akale akamatha. Sizinatero. Makompyuta a pa desiki ndi maseva anasamukadi, koma mapurosesa a mabiti 32 ndi otsika mtengo ndipo sadya magetsi ambiri, motero anapitiriza kulowa m'ma rauta a intaneti, m'makina a m'mafakitale, m'magalimoto, m'zipangizo za m'zipatala ndi m'mafoni otchipa. Zinthu zotere zimagwira ntchito zaka 15 kapena 20 osasinthidwa pulogalamu.

Zizindikiro zinayamba kuoneka msanga, chifukwa mapulogalamu ambiri amawerengera m'tsogolo. Mu May 2006 maseva a AOLserver anayamba kugwa: anaikidwa kuti azidikira masekondi 1 biliyoni, ndipo chiwerengerocho chitaonjezedwa pa nthawi ya tsikulo chinalumpha malire a 2038. Banki yowerengera ngongole ya nyumba ya zaka 20, kapena ofesi yolemba tsiku lothera chiphaso, imagunda khoma lomwelo zaka zambiri tsikulo lisanafike.

Chifukwa chake kukulitsa kunavuta

Kusintha 32 kukhala 64 m'mzere umodzi wa pulogalamu n'kosavuta. Chovuta n'chakuti nambala ya nthawi siikhala yokha. Imakhala m'kati mwa mipukutu ya manambala imene pulogalamu ndi kernel, mtima wa Linux, zimapatsirana: mpukutu wonena za fayilo uli ndi nthawi zitatu, wonena za batani limene ladinidwa uli ndi nthawi, wa mawu, wa kanema ndi wa uthenga wa pa netiweki chimodzimodzi. Pulogalamu imene inamangidwa kale imadziwa kuti chinthu chakuti chili pa baiti yachisanu ndi chinayi ya mpukutuwo. Nthawi ikakula, zonse za pambuyo pake zimasuntha, ndipo pulogalamu yakale imawerenga zinyalala osadziwa. Zikufanana ndi zimene zinachitika ku George m'zaka za m'ma 1970 pamene ankatsegula misewu: kukulitsa njira kunatanthauza kuti nyumba zoima m'mbali mwake zisunthe, ndipo mabanja ena anapatsidwa mapulote atsopano kunja kwa komboni yakale.

Kuwonjezera apo, mtundu uliwonse wa purosesa uli ndi malamulo ake a kaikidwe ka manambala m'memori, otchedwa ABI. Pa Intel ya mabiti 32, nambala ya mabiti 64 ikhoza kuyambira pa adiresi iliyonse yogawika ndi 4, koma pa ARM iyenera kuyambira pa yogawika ndi 8, ndiye mpukutu womwewo umatalika mosiyana pa makina awiriwa. Intel imasunga baiti yaing'ono poyamba, pamene SPARC, PowerPC yakale ndi ma MIPS ambiri a m'ma rauta amayamba ndi yaikulu. Kusiyanaku kunabweretsa mutu pa mpukutu wotchedwa timespec, umene umanyamula masekondi ndi tizigawo ta sekondi. Masekondi atakula kufika mabiti 64, tizigawoto tinayenera kukhalabe m'mabiti 32 pa makina aang'ono, choncho panatsala mpata wopanda kanthu umene pa mapurosesa ena umakhala kutsogolo ndipo pa ena kumbuyo. MIPS yokha ili ndi ma ABI atatu. Manambala oitanira ntchito za kernel analinso osiyana pa purosesa iliyonse, chifukwa aliyense ankaonjezera zake pa nthawi yake. Ndipo kernel ya mabiti 64 imayenera kuyendetsabe mapulogalamu akale a mabiti 32, kutanthauza kuti iyenera kumva zilankhulo zonse nthawi imodzi.

Abale ake a Linux a banja la BSD anayamba ndiwo. NetBSD 6.0, ya mu October 2012, inakulitsa time_t pa mapurosesa onse, n'kusunga njira yoti mapulogalamu akale aziyendabe. OpenBSD 5.5, ya mu May 2014, inadula mwachidule: inasintha zonse tsiku limodzi, ndipo aliyense anayenera kumanganso mapulogalamu ake. Zinatheka chifukwa gulu limodzi ndilo limayang'anira kernel, laibulale ndi mapulogalamu oyambira. Linux siikanatha kutero. Lamulo la Torvalds, limene amaliteteza mwaukali, ndi lakuti kernel yatsopano isaphe pulogalamu imene inkayenda pa yakale. Njira yotsala inali yomanga khomo latsopano pambali pa lakale, pa ntchito iliyonse yokhudza nthawi, pa purosesa iliyonse.

Ntchitoyi inayamba mwamphamvu cha m'ma 2014, ndipo amene anaitsogolera kwa nthawi yaitali ndi Arnd Bergmann, mothandizana ndi Deepa Dinamani, John Stultz, Thomas Gleixner ndi ena ambiri. Anayamba m'kati, kusintha kernel kuti iziwerenga nthawi m'mabiti 64 paliponse, dalaivala ndi dalaivala, m'mafayilo mazanamazana. Inali ntchito yosapatsa ulemu, yongofuna kuleza mtima, ndipo mbali ina inagwiridwa ndi ophunzira amene ankayamba kumene kulemba za kernel. Mu Linux 5.1, ya mu May 2019, mapurosesa onse a mabiti 32 analandira maitanidwe atsopano okwana pafupifupi 20, monga clock_gettime64, kuyambira pa nambala 403. Apa panachitika chinthu china chabwino chimene sichinali cholinga choyamba: akatswiriwo anagwirizana kuti kuyambira pamenepo, kuitana kulikonse kwatsopano kuzikhala ndi nambala yofanana pafupifupi pa mapurosesa onse. Linux 5.6, ya mu March 2020, ndiyo inali yoyamba imene makina a mabiti 32 angadutse nayo 2038.

Mapurosesa obwera mochedwa anapewa mtolowu. ABI ya x32, ya mu 2012, inayamba ndi nthawi ya mabiti 64, ndipo RISC-V ya mabiti 32 inakhazikitsidwa yopanda makomo akale aja.

Kernel ndi theka chabe la ulendo. Mapulogalamu salankhula nayo mwachindunji koma kudzera mu laibulale ya C, ndipo kumeneko njira zinasiyananso. Laibulale yaing'ono ya musl, mu 1.2.0 ya mu February 2020, inakulitsa time_t pa mapurosesa onse a mabiti 32 osafunsa womanga pulogalamu. Laibulale yaikulu ya glibc, mu 2.34 ya mu August 2021, inasiya chisankho m'manja mwa womanga, amene ayenera kupempha yekha polemba _TIME_BITS=64. Chisankho chotere chili ndi msampha wake: pulogalamu yomangidwa ndi nthawi yaikulu ikakumana ndi laibulale ina yomangidwa ndi yaing'ono, zimapatsirana mipukutu yosagwirizana, ndipo palibe chenjezo limene limatuluka. Ichi n'chifukwa chake Debian, imene mitundu yambiri ya Linux imachokerako, inayenera kusintha malaibulale mazana ambiri nthawi imodzi kumayambiriro kwa 2024, n'kuwonjezera t64 kumapeto kwa maina awo. ARM ya mabiti 32 inasamuka. Intel ya mabiti 32 anaisiya dala mmene inalili, poona kuti ntchito yake yotsala ndi yoyendetsa mapulogalamu akale amene palibe adzawamangenso. Zotsatira zake zinatuluka mu Ubuntu 24.04 ndi mu Debian 13 ya mu August 2025.

Patsala madeti olembedwa pa disiki, amene sasamala kuti purosesa ndi ya mabiti angati. Kasungidwe ka mafayilo ka ext4 kamafika chaka cha 2446 ngati disiki inakonzedwa ndi malo okwanira pa fayilo iliyonse, koma yokonzedwa mwakale imathera mu 2038. XFS inalandira njira yofikira 2486 mu Linux 5.10, kumapeto kwa 2020. FAT, imene ili pa mafulashi ndi mamemori khadi ambiri ogulitsidwa m'misika, imathera mu 2107.

November 2024

Pamene akatswiri a Linux ankamaliza ntchito yawo, tsiku la mamita linali litayandikira. Bungwe loyang'anira STS silikanatha kukulitsa TID. Mabiti 66 a tokeni anali atagawidwa onse, ndipo kuwonjezera kukanafuna tokeni yaitali ndi mamita atsopano m'maiko ambiri. Linasankha kusuntha poyambira: m'malo mwa 1993, mita iziwerenga kuchokera pa 1 January 2014. Kuti izi zichitike, mita iliyonse inayenera kulandira matokeni awiri apadera a manambala 20, amene amasintha kiyi yachinsinsi ya mitayo ndi kufufuta ma TID akale amene inkakumbukira. Mita yosalandira matokeniwa ikanapitiriza kuyatsa magetsi mpaka mayuniti ake atatha, kenaka n'kukana tokeni iliyonse yatsopano.

Mamita ambiri a STS salumikizidwa ku netiweki iliyonse. Palibe injiniya akanatha kuwakonza ali mu ofesi. Ntchitoyo inagwera mwini nyumba, wa lendi, kapena mwana wa sukulu amene amatumidwa kukadina mayuniti. Wogula ankalandira manambala owonjezera pamodzi ndi tokeni yake ya masiku onse, ndipo dongosolo linali lofunika: kuyamba walowetsa matokeni onse akale amene anasunga, chifukwa kiyi ikasintha sagwiranso, kenaka tokeni yapadera yoyamba, yachiwiri, n'kumalizira ya mayuniti. M'komboni ngati George, kumene mita ikhoza kukhala m'nyumba ya landilodi amene amakhala kwina, ndipo mayuniti amagulidwa pang'onopang'ono pa foni kapena pa kabuthu ka ejenti, funso lakuti ndani walandira manambala aja ndipo ndani wadina silinali laling'ono.

Chaka chimenecho chinali kale chowawa pa nkhani ya magetsi. Pulezidenti Hakainde Hichilema analengeza pa 29 February 2024 kuti chilala chinali tsoka la dziko lonse, madzi a m'damu la Kariba anatsika kwambiri, ndipo m'miyezi yotentha magetsi ankazima maola ochuluka a tsiku. Mita yozima siilandira tokeni, ndiye ambiri ankadikira kuti malaiti abwere kaye. Ku South Africa, kumene muyezowu unabadwira, masiku omaliza anaona mizere italiitali pa maofesi a Eskom, makamaka ku Soweto.

Njira ya STS inagwira, ndipo pa makina osatheka kuwasintha m'kati inali yanzeru. Koma inangogula nthawi. Mphindi 16,777,216 kuchokera pa 1 January 2014 zidzatha pa 24 November 2045, ndipo muyezowo unasungiratu 2035 ngati poyambira pena pa m'tsogolo. GPS ili ndi khalidwe lomweli: nambala yake yakale ya masabata ili ndi mabiti 10, imadzaza pa masabata 1,024 alionse, ndipo inabwerera pa ziro mu August 1999 ndi pa 6 April 2019. NTP, njira imene makompyuta amakonzera mawotchi awo pa intaneti, idzadzaza mu February 2036. Njira ya Linux inali yodula ndi yochedwa, koma pamene yafika, nkhaniyo yatheratu.

Zotsala

Mawu akuti "pamene yafika" ndi amene akukhudza George ndi makomboni anzake. Kukonza kwa 2020 ndi 2024 kumathandiza makina amene adzalandira pulogalamu yatsopano. Katundu wambiri wa zamagetsi amene amafika ku Matero, ku Kanyama kapena m'mashopu a ku Town Centre ndi ku Kamwala ndi wogwiritsidwapo kale ntchito kapena wotsika mtengo, ndipo wopanga amasiya kumutumizira zosintha pakapita zaka zochepa. Android imayenda pa kernel ya Linux, ndipo inayamba kuyendetsa mapurosesa a mabiti 64 mu 2014. Kuyambira mu August 2019, Google Play inalamula kuti mapulogalamu okhala ndi zigawo zomangidwira purosesa azikhalanso ndi mtundu wa mabiti 64. Komabe mafoni ambiri otchipa, makamaka a Android Go, anapitiriza kugulitsidwa akuyenda m'mabiti 32 pofuna kusunga memori, ndipo mu laibulale ya C ya Android yotere time_t idakali ya mabiti 32. Mapulogalamu olembedwa mu Java kapena Kotlin amawerenga nthawi m'mabiti 64, koma zigawo za pansi pake sizitero.

Foni ya lero mwina siidzafika 2038, ngakhale amisiri okonza mafoni m'misika ya Lusaka amadziwa kutalikitsa moyo wa chinthu chimene kwina akanachitaya. Zodetsa nkhawa kwambiri ndi makina osaoneka, amene amaikidwa kamodzi n'kuiwalika: oyendetsa mapampu a madzi, a m'tinyumba ta pansi pa nsanja za netiweki, ma invata a sola, makamera a chitetezo, makina olipirira m'mashopu, ndi madatabesi akale a m'maofesi. Mu MySQL, mwachitsanzo, mtundu wa deti wotchedwa TIMESTAMP wakhala ukuthera pa 19 January 2038 ngakhale pa seva ya mabiti 64. Wotchi ikabwerera ku 1901, chiphaso cha chitetezo cha pa intaneti chimaoneka ngati sichinayambe kugwira ntchito ndipo kulumikizana kumakanika, zolemba za malipiro zimasokonekera dongosolo, ndipo makina ena amazima n'kulephera kudzukanso.

Kuyesa n'kosavuta kwa amene ali ndi makina apadera oyeserera: amaika wotchi pa 19 January 2038, mphindi zochepa isanakwane 05:14 ya ku Lusaka, n'kuona chimene chichitike. Bungwe limene likugula lero chipangizo choti chigwire ntchito zaka 15 likugula chinthu chimene chidzadutsa tsikulo, ndipo liyenera kufunsa wogulitsa, pangano lisanasainidwe, ngati kernel yake ndi 5.6 kapena yatsopano kuposa apo, ndiponso ngati mapulogalamu ake onse anamangidwa ndi nthawi ya mabiti 64.